Akamwini Atsatana pa Joni

Eyiti koloko magetsi thii,
Joni yense wagwada mumdima.
Yatsala nsanja ya Hilibulo, kadiso kofiira
ngati ndudu ya munthu wochezera pa siwa.
Majenereta ayamba kutsokomola kuseri kwa mipanda.

A Lategan agogoda pa zenera:
Sankhani, katulutse chija.
Chija ndi chitoliro cha magalasi, miyendo itatu ngati mafuwa,
kulemera kwake thumba la feteleza.
Manja awo anayamba kunjenjemera chaka chomwe anamwalira adona,
anga ndi a fosholo ndi sizasi,
ndiye ndimachiimika ndine
pa kapinga amene ndamumeta m'mawa.

Amaloza ndi ndodo.
Uyo ndi mlenje, akutero, lamba wake ndi uyo.
Ndimavomera, ntchito ndi ntchito.
Koma ine nyenyezi zitatuzo ndinazidziwa ndili wa kabudula:
akamwini atsatana,
m'bandakucha, kupita kumunda kwa apongozi,
wina pambuyo pa mnzake, osayankhulana.
Tinayenda choncho pa Limpopo,
ine, Yotamu, ndi mnyamata wa ku Mayani
amene dzina lake sitinamufunse,
nsapato m'khosi, madzi m'chiuno.

Yang'ana m'munsi mwake, akutero.
Nditseka diso limodzi.
Poyamba mbuu, ngati mpweya pa galasi la basi,
kenako chinthu chitambasula mapiko.
Akuti ndi fumbi ndi mpweya chabe,
akuti nyenyezi zimabadwira mmenemo.
Fumbi limenelo ndikulidziwa.
Ndi la pabwalo, ng'oma zitakolera,
Kasiyamaliro akuzungulira, akuzungulira,
amayi akuthawa uku akuimba,
mwana wa munthu atamunyamula kupita naye kudambwe
kuti akabwere wina.
Waona chiyani? andifunsa.
Fumbi, bwana.
Wosameta sauzidwa, ngakhale akhale ndi mabuku chipinda chonse.

Tizunguza chitoliro kuloza kummwera,
pamwamba pa zulu zachikasu za migodi yakale.
Pambali pa mtanda pali chibowo chakuda bii
pakati pa mlalang'amba.
Akuti dzina lake thumba la makala.
Ndaseka. Kani nakonso kumwamba
alipo wokankha njinga, akuthawa a zankhalango?
Koma ndayang'ananso, kuseka kwatha.
Ndi kamwa la mgodi.
Bambo a bambo anga analowa pamenepo nthawi ya Wenela,
anabwerako ndi jekete, wailesi ndi chifuwa.
Anzawo ena sanatuluke.
Mwina anakumba, nakumba,
mpaka anaboola mbali inayo,
ndipo tinyali ta pa zipewa zawo ndi timeneti,
sanauzidwebe kuti shifiti inatha.

A Lategan akhala pa mpando, bulangete pa mawondo.
Kuwala kumachedwa panjira, akutero.
Ina mwa izi mwina inazima kale,
ife tikuona za dzana.
Apa sindinawatsutse mumtima.
Katundu wa Yotamu, malata ndi njinga ya mwana,
anafika kwawo maliro ake atadutsa kale pa Mwanza.
Mawu ake ndikadali nawo m'foni:
aise, Loweruka tikumane ku Rosettenville.
Ndimawatsegula. Amafikabe.

Sindikudziwa amene amaona adona mmenemo.
Ndimangoona akuchedwa pa nyenyezi imodzi yofiirira,
milomo ikugwedera.
Inenso sindiwafunsa.

Teni koloko, phwii!
Mafiriji adzuka, alamu ya kwa aneba yalira,
thambo latuwa ngati mbale yosatsuka.
Akamwini okha ndiwo akuonekabe, movutikira,
akupitabe kumunda kwa eni.
Ndapinda miyendo itatu ija, ndabweza chitoliro m'galaja.
Tiyi wotsala m'kapu
ndamuthira patsinde pa mtengo wa jakaranda,
pang'onopang'ono, ndikutchula maina,
ndi la wa ku Mayani yemwe, limene sindilidziwa.
Mawa ndi Lachinayi, tsiku lotulutsa mabini.